Fungo Lomwe Linatsata Gelevazio

Wofuna kuseka asekeretu panopa, chifukwa a kwa Chinkhwiri anaseka kale mpaka misozi, ndipo kuseka kwawoko kunangotsala pang'ono kuika munthu m'manda. Munthuyo ndi Gelevazio, mkamwini wa pamudzipo, mwamuna wa Nabengo, bambo wa kamtsikana kamodzi dzina lake Esinati. Kwawo kunali kutali, kumapiri a ku Dedza uko. Ndiye mukudziwa kale kuti pa nkhani iliyonse analibe womuyankhulira.

Gelevazio ankagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kutsidya kwa dambo. Dzina la esitetiyo lisiyeni, eni ake akadali moyo ndipo akunenepa bwinobwino. Ntchito yake inali yopopera mankhwala, kunazale ndi kumunda komwe. Anali awiri, iye ndi Zefaniya, munthu wamtali wosalankhulalankhula, amene anayamba ntchitoyo Gelevazio asanamere ndevu. Magolovesi ndi zotchinga mphuno zinalipo ndithu, zatsopano, koma zinkagona mu ofesi kudikira tsiku la alendo oyendera. Masiku ena onsewa munthu ankangomanga kansanza pakamwa n'kubereka sipuleya kumsana. Mankhwala ankavundula ndi kamtengo, kamtengo kakasowa ndiye dzanja. Kamlomo ka sipuleya kakatsekeka, ankachita zomwe wopopera aliyense amachita: kukamasula, kukaika pamilomo, n'kuuzira kuti fuu! Poweruka kapitawo ankawapatsa kapu ya mkaka, ati umatsuka poizoni m'thupi. Mkaka! Ngati chifuwa cha munthu ndi mbale yoti n'kutsukuluza.

Tsiku lina paipi ya sipuleya inathothoka, mankhwala onse khuthu pamsana pa Gelevazio mpaka m'magambuti. Anathamangira kwa kapitawo.

"Bwana, ndikasambe, msana ukuyaka."

"Mizere yatsalayo apopera ndani, agogo ako? Maliza, ukasamba kwanu."

Anamaliza. Madzulo ake anasanza mpaka ndulu, maso ali juu, malovu akungotuluka ngati mwana womera mano. Anagona masiku angapo, n'kudzuka, n'kubwerera kuntchito. Aliyense anati wachira. Naye anati wachira.

Koma kuyambira pamenepo, tsiku lililonse lopopera mutu unkamuwawa. Lamulungu unkasiya. Patapita miyezi, sunkadikiranso kuti apopere. Kungodutsa pafupi ndi nyumba yosungira mankhwala, chitseko chili chotseka, mutu uja ndi uwu, lilime lachita dzanzi. Zefaniya anamupeza tsiku lina atakhala pachulu, atagwira mutu ndi manja onse.

"Kuseri kwa maso?" anafunsa Zefaniya.

"Mwadziwa bwanji, achimwene?"

"Inenso unandiyamba choncho." Anakhosomola kanthawi, chifuwa chouma chomveka ngati khasu lopala pamwala. "Ukadzayamba kumva fungo lomwe anzako sakulimva, usadzauze munthu. Adzati wapenga."

Zefaniya anamwalira nyengo yotentha, mitengo ya mango itangoyamba kuonetsa tizipatso. Abale ake anati anamulodza chifukwa cha njinga yomwe anagula. A esiteti anatumiza thumba la ufa ndi kabichi. Gelevazio anapita kumaliro monga mnzake weniweni, n'kulowa m'nyumba ya siwa kukaona nkhope. Atangowerama, chinamumenya pamphuno. Silinali fungo la maliro ayi. Linali fungo lomwe lija la m'chigubu, likutuluka m'thupi la munthu wosambitsidwa kale. Ndipo ndi kutentha konseko, m'nyumbamo munalibe ntchentche ngakhale imodzi. Zinali mbwee panja, pa mbale, pa ana, koma pakhomo zinkabwerera.

Kukhosi kwa Gelevazio kunatseka. Anatuluka chopunthwa, kuponda miyendo ya amayi olira, n'kukagwa kuseri kwa nkhokwe. Mpweya utabwerera sanathenso kuyandikira. Anauyamba wa kunyumba, mtembo usananyamuke, osaponya ngakhale kadothi m'manda a mnzake. Anthu anaona. Pamaliro anthu amalira ndi diso limodzi, linalo limawerenga amene wachoka.

Ntchito ija anaisiya. Atakhala pakhomo thupi linabwerera ndithu, analima ndime yake chaka chimenecho, mpaka Nabengo anati, "Mwaona, abambo ake Esinati, kunali kutopa chabe." Koma chinthucho sichinachoke. Chinangokhala pansi kupuma.

Chinayambiranso pa koloboyi. Nabengo akangoyatsa, utsi wa palafini uja unkamulasa kuseri kwa maso. Anayamba kudyera panja kusanade. Kenako utsi wa dizilo wa kuchigayo: anapita kukagayitsa, anabwera atamukweza pa ngolo pamodzi ndi ufa wake. Dzinja litafika anaika matumba a feteleza pabalaza, iye osagona, chifuwa chikulira ngati mwana wa mphaka. Anawasamutsira kukhitchini. Pokolola anathira chimanga mankhwala a anankafumbwe monga amachitira aliyense, thupi lake lonse linatuluka zidzolo, ndipo chakudya cha ufa umenewo chinkamutsegula m'mimba. Chaka chilichonse chinthucho chinkalanda kena. Ndipo chinkafuna zochepa kuposa kale. Poyamba chinkadikira chigubu chathunthu. Tsopano kadontho kankakwana.

Ku tchalitchi anasiya kulowa, chifukwa amayi akadzola zonunkhira zawo n'kuvala zitenje zatsopano zosachapa, iye maso ankachita mdima nyimbo yoyamba isanathe. Ankakhala panja pansi pa mtengo ngati wodulidwa. Mutu unayamba kuiwala. Ankatuluka ndi nkhwangwa n'kuima pabwalo kakasi, osadziwa komwe amapita.

Kuchipatala anapita. Anamuyeza malungo, palibe. Chifuwa chachikulu, palibe. Magazi, ali bwinobwino. Ali pabenchi pomwepo anthu okolopa anadutsa ndi ndowa ya mankhwala awo, iye anangoti khu pansi. Atatsitsimuka anamupatsa panado n'kumuuza kuti achepetse maganizo. Nkhani imeneyi itafika kumudzi inasanduka nyimbo: makina a azungu amufufuza paliponse, sanapeze kanthu.

Woimba kwambiri anali a Kanyemba, atsibweni a Nabengo, mlongo wa amayi ake odwaladwala, mwini mbumba, mlimi wa tomato wa mimba yake. Ankabwera pakhomopo osaodira.

"Akamwini, mwadzuka bwanji? Lero chikukudwalitsani n'chiyani, mphepo kapena dzuwa?"

"Ndadzukako pang'ono, kaya inu atsibweni."

"Ife tadzuka, poti tilibe mwayi wodwala. Ine ndimapopera tomato wanga sabata ndi sabata, mwandiona nditagwa? Matenda anuwa ndi ochenjera. Amaopa feteleza, amaopa chigayo, amaopa khasu. Koma mbale sayiopa."

Gelevazio ankangoyang'ana pansi. Mkamwini akayankha amati wakula mwendo.

Chomwe chinamupweteka koposa ndi sopo. Tsiku lina Nabengo anabwera kuchokera kubafa atasamba, atadzola mafuta ake, akuwala ngati mtsikana, n'kukhala pafupi naye pamphasa. Gelevazio anayesa kupirira. Anayesa ndithu. Kenako anadzuka n'kuthamangira panja.

"Tsopano ndi ine?" anatero Nabengo ali pakhomo. "Ndine ndikukununkhirani?"

"Si iwe, Nabengo. Ndi zomwe wadzolazo."

"Ndiye ndizikhala bwanji? Ndizituwa ngati ndagona paphulusa?"

Koma mkazi uja anali ndi mtima. Anasiya kudzola. Ankasamba madzi okha, zovala akachapa ndi sopo ankazitsukuluza kambirimbiri n'kuzisiya padzuwa mpaka zitauma gwa. Sopo ndi mafuta anazibisa m'kathumba pamwamba pa khoma la bafa, kuti azigwiritsa ntchito popita kumsika ndi kutchalitchi kokha. Ndipo kumjigo anzake sanamusiye. "Nabengo, miyendo imeneyo tilembepo dzina? Kodi banja lake ndi lomweli, loletsa ndi sopo yemwe?" Ankaseka nawo, koma pobwera ankatula ndowa mwamphamvu.

Apa m'pamene zinthu zinayamba kusowa.

Choyamba chinali kathumba ka sopo kaja. Nabengo anafunsa mwamuna wake, iye anakana. Kenako botolo la palafini. Kenako koloboyi yemwe. M'mawa wina Esinati anabwera kuchokera kuseri akuti, "Amayi, katundu wanu ali uko." Anapita onse. Kumapeto kwa bwalo, poyambira tchire, zinthu zija zinali pansi, zitandandalikidwa pamzere wowongoka, motalikirana mofanana, ngati mbande za fodya. Sopo, mafuta, botolo, koloboyi, ndi kapaketi ka mankhwala a makoswe komwe Nabengo anali ataiwala kuti kali kudenga.

"Abambo ake Esinati, mukanangondiuza."

"Si ine."

"Nanga ndani? Kudenga kuja angafike ndani?"

Gelevazio ankayang'ana udzu. Kuchokera pamzerewo kulowa m'tchire munali kanjira kopapatiza, udzu wake utafota ngati wathiridwa madzi otentha. Nyerere zinali gadaa m'mbali mwake, zitafa.

Anazibweza m'nyumba. Patapita masiku zinatulukanso, mzere womwewo. Nabengo anayamba kugona atatsamira chitseko, koma sizinathandize.

Kenako kunabwera phokoso. Linkamveka kum'mawa kukungoyera, nthawi yomwe opopera amayamba ntchito mphepo isanadzuke. Kwii, tswee. Kwii, tswee. Aliyense amene anaberekapo sipuleya amalidziwa: mkono ukukwera, ukutsika, mankhwala akutuluka. Linkayenda pang'onopang'ono kumapeto kwa bwalo, kufika pangodya, kutembenuka, kubwerera. Nthawi zina linkaima. Kenako kunkamveka munthu akuuzira, fuu, fuu, n'kuyambiranso.

"Nabengo, ukumva?"

"Ndi atsibweni, akupita kudimba."

"Dimba lili kumadzulo. Ichi chili kuno."

Nabengo anafunda kumutu. Koma Gelevazio anaona kuti sakupuma ngati munthu wogona. Agalu a pamudzipo, omwe amauwa ngakhale tsamba likagwa, nthawi imeneyo ankangoti zii.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, amayi ali kumjigo, panafika munthu. Anachokera njira ya kudambo. Wamtali, atamanga kansanza pakamwa, kumsana atabereka chinthu chomwe aliyense anachifotokoza mosiyana. Wina anati chigubu, wina anati katundu wokulunga m'thumba, wina anati sanayang'ane bwino chifukwa maso anayamba kumuyabwa. Sanapereke moni. Anaima patali n'kufunsa ndi mawu ouma:

"Gelevazio akupezako bwanji?"

Mayi wina wolimba mtima anati, "Nyumba yake ndi iyo, kamuoneni nokha."

"Ayi," anatero munthuyo. "Ine sindingamuyandikire."

Anakhosomola, n'kutembenuka. Amayi aja anayang'anana, atayang'ananso kunjira kunalibe munthu, ndipo njirayo ndi yoonekera mpaka kudambo. Madzi a tsiku limenelo anawataya, ati ankawawa.

Nkhaniyi itamufika Gelevazio, chifuwa choumacho anachizindikira. Koma a Kanyemba inawasangalatsa. Anabwera madzulo omwewo, ndodo m'manja.

"Eya! Si izi? Munthu unathawa maliro a mnzako, osaponya dothi, ukuganiza kuti wakufa alibe maso? Watibweretsera mzimu pamudzi. Ana athu akumwa madzi owawa chifukwa cha iwe." Ulemu wa akamwini unathera pomwepo, tsopano anali iwe. "Mawa kubwera mneneri. Chikatuluka chimenechi, ugwire khasu ngati amuna anzako. Chikapanda kutuluka, utuluke ndiwe."

"Atsibweni, ine ndikudwala. Ndi mankhwala aja a kuesiteti."

"Mankhwala ake ati? Unasiya ntchito liti? Mankhwala amakhala m'thupi zaka zonsezi ngati ndi lendi?"

Mneneri Yowasi anafika masana pa njinga yamoto, ndi suti yonyezimira, gulu lake la amayi oimba lili pambuyo. Asanatsike n'komwe, perefyumu wake anali atafika kale pakhonde. Gelevazio anadzuka kuti asunthe.

"Mwaona?" anakuwa mneneri. "Chandizindikira! Chikuthawa! Mugwireni!"

Anyamata a pamudzipo, alamu ake omwe ankamwa nawo thobwa, anamugwira mikono n'kumukhazika pakati pa bwalo. Mudzi wonse unasonkhana. Mneneri anapempherera madzi mundowa, n'kuthiramo mafuta ake odzozera onunkhira ngati sitolo ya Amwenye. Anati madziwo awazidwe nyumba yonse, makoma, denga, mphasa, zofunda, pasatsale pobisala. Anayamba kuwaza ndi kanthambi. A Kanyemba anaona kuti zikuchedwa, ndiponso kudenga sikukufika.

"Abusa, dikirani. Ndili ndi chida."

Anatuma munthu kudimba. Chinabwera n'chiyani? Sipuleya yawo ya tomato, yomwe anapopera nayo dzulo lake. Anaitsukuluza kamodzi, mwaulemu chabe, n'kuthiramo madzi odalitsa aja. Anthu anaombera m'manja nzeru za a Kanyemba.

Gelevazio ataiona anakuwa ngati mbuzi yoona mpeni. "Ayi! Chonde, imeneyo ayi! Nabengo, auze! Mundipha!"

"Si iyeyo akulankhulayo," anatero mneneri. "N'chiwandacho. Poperani!"

Nabengo anayesa. "Atsibweni, imeneyo ndi ya mankhwala, bambowa sagwirizana..."

"Khala chete, iwe! Wadyetsedwa eti? Madzi opemphereredwa angakhale poizoni?"

A Kanyemba anaibereka okha. Analowa m'nyumba, kupopera chipinda, pabalaza, kudenga, mphasa, bulangete, ngakhale malaya a Gelevazio opachika pamsomali. Atatuluka anamulunjika mwini wake, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira ndi tomato wogwidwa ndi tizilombo ta kangaude. Gelevazio anagwa. Thupi linayamba kunjenjemera, thovu kukamwa, mpweya ukulira ngati wezulo.

"Chikutuluka!" anakuwa mneneri. "Aleluya! Onjezerani!"

Amayi anaimba mokweza. Ena analulutira. Munthu akufa pamaso pawo, iwo akuvina. Ndipo musaganize kuti anali anthu oipa mwapadera. Anali anthu ngati omwe mumadya nawo, ongoti akagwirizana chinthu, maso amatseka onse pamodzi.

Atatopa, mneneri analamula kuti amulowetse m'nyumba n'kutseka, akhale m'madalitsomo mpaka dzuwa litalowa, chiwandacho chisapeze potulukira n'kulowa mwa wina. Anamunyamula, kumugoneka pamphasa yonyowa ija, kutseka mawindo, n'kukoloweka loko kunja. Kiyi analowa m'thumba la a Kanyemba. Kenako onse anapita kukadya nkhuku ya mneneri.

M'katimo Gelevazio anayesa kukwawira kuchitseko, manja anakana. Anagubuduka mpaka kukhoma la kuseri, n'kugona chafufumimba, nkhope pansi. Mpweya uliwonse unali ngati akumeza minga. Ankamva nyimbo patali. Ankamva Esinati akulira penapake, wina akumukalipira. Anaganiza kuti, basi, ndafera m'nyumba yomwe ndinaumba ndekha zidina zake.

Ndiye anamva kukhosomola.

Sikunali kwake. Kunachokera kuseri kwa khoma, pafupi penipeni ndi mutu wake. Chifuwa chouma. Kenako kupala. Pala, pala, pala, ngati zala zikukanda dothi la pakati pa zidina. Tidothi tinayamba kugwera patsaya pake. Sanathe kutembenuka, ndipo kunena zoona sanafune. Chidina chimodzi cha mzere wapansi chinagwedezeka, n'kuyamba kutsetsereka, osati kulowa m'kati, koma kutuluka kunja. Panatseguka bowo, kuwala kunalowa, ndi kamphepo kozizira ka kutchire. Gelevazio anaika kamwa pabowopo n'kukoka mpweya ngati mwana woyamwa.

Pabowopo ankaona udzu wokha. Koma pa udzupo panali mthunzi wautali, wa chinthu chokhala ndi nundu kumsana, ndipo mthunziwo unkabwerera m'mbuyo, msangamsanga, ngati munthu amene wasiya mbale pakhomo la wodwala nthomba.

Nabengo sanapite kokadya. Anakhala pakhonde atatsamira chitseko, ndipo nayenso anamva. Anthu awiri akukhosomola, wina m'kati, wina kuseri. Kuseriko sanapiteko. Anatenga munsi pamtondo n'kumenya loko. Kachitatu chitseko chinang'ambika. Anamukoka mwamuna wake miyendo mpaka pabwalo, kumuvula malaya, kumukhuthulira mtsuko wonse wa madzi akumwa.

Anthu anabwera akuthamanga, mafupa a nkhuku ali m'manja. A Kanyemba anazungulira nyumba, n'kupeza chidina chija chili panja, chitaikidwa bwinobwino chogoneka, udzu wozungulira utafota. Munthu wanzeru akanafunsa kuti, wokomoka wa m'kati angakoke bwanji chidina kuchokera kunja? Koma a Kanyemba sanabadwire kufunsa.

"Taonani! Wagumula nyumba! Pamalo pa mbumba yanga! Wabowola kuti madalitso atuluke, chiwanda chake chitsale. Ameneyu sakufuna kuchira."

Mneneri anavomereza, akupukuta mafuta pamilomo. Anati pali anthu ena okwatirana ndi ziwanda zawo.

Gelevazio sanafe. Anagona pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo pafupifupi sabata, Nabengo akumumwetsa phala la chimanga chosathira mankhwala chomwe anakapempha kwa mayi wina wosauka. Koma atadzuka, chinthu chija chinali chitalanda zonse zotsala. M'nyumba muja sakanathanso kulowa, ngakhale kuima pakhonde. Makoma anali atamwa. Utsi wa moto wophikira, womwe kale sunkamuvuta, tsopano unkamugwetsa. Munthu akadutsa atasuta fodya, iye mutu. Mudzi wonse unasanduka chigubu chimodzi.

Ankhoswe anaitanidwa. Wa kuchimuna anali munthu wongopemphedwa wa mudzi woyandikana, amene ankagula tomato kwa a Kanyemba pangongole, ndiye mawu ake anali ee ndi inde. Mlandu sunatalike. Mwamuna wosalowa m'nyumba, wosalima, wothawa mkazi wake akasamba, wogumula khoma, woitana mizimu. Asudzulidwe, abwerere kwawo.

"Ine ndipita nawo," anatero Nabengo.

"Pita," anatero a Kanyemba. "Koma mwana ndi wa pano. Munda ndi wa pano. Amayi ako odwalawo uwanyamulenso, ukawadyetse mphepo ya ku Dedza."

Nabengo anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana nyumba ya amayi ake, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Gelevazio sanamuimbe mlandu. Anangopempha chinthu chimodzi.

"Ndimange kachisakasa kutsidya kwa dambo. Sindidzapondanso pamudzi. Mwanayu azingobwera ndizimuona."

"Kuti uzimupatsira zakozo? Iyayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pano watha."

Ananyamuka m'mawa mwake dzuwa litakwera, ndi kathumba ka zovala zomwe Nabengo anachapa ndi madzi okha. Ndalama ya minibasi anamupatsa, koma minibasi akanakwera bwanji, ndi dizilo ndi anthu odzola? Ulendo wonsewo unali wa pansi. Anthu anaima m'makonde kuonerera. Palibe anaseka tsiku limenelo, komanso palibe anati pepani.

Atafika pamphambano anamva timapazi. Esinati anali atapulumuka m'manja mwa azakhali ena a kuchikazi amene ankamusunga masiku amenewo. Ndipo azakhaliwo, pofuna kuonetsa mudzi kuti mwana tsopano akusamalidwa, anali atamusambitsa ndi sopo wonunkhira n'kumudzoza mafuta kuyambira kumutu mpaka kuzala, akuchita kunyezimira. Fungo linafika mwana asanafike.

"Ababa! Ababa, dikirani!"

Gelevazio anadziwa chomwe chimuchitikire. Anaika kathumba pansi, anakoka mpweya wambiri kumbali, n'kuutsekera m'chifuwa. Anagwada, mwana anamugwera m'khosi. Anamukumbatira osapuma. Esinati ankalankhula, kufunsa kuti mubwera liti, mundigulira chiyani, bwanji simukuyankha. Iye akanayankha bwanji? Kuyankha n'kupuma. Anangomufinya, maso akuchita mdima, m'makutu mukulira, mpaka chifuwa chinati sindingathenso. Anamukankha pang'ono, n'kudzandira kupita kutsidya la msewu, n'kugwada m'ngalande akutsokomola.

Mwana anaima pomwe anamusiyapo, manja ali m'mwamba. "Ababa, ndikununkha?"

Azakhali aja anafika n'kumukoka dzanja. "Tiye. Waona? Ngakhale iwe sakukufuna."

Gelevazio anafuna kukuwa kuti bodza, koma mawu analibe pokwera. Pomwe mpweya unkabwerera, mwana ndi azakhali aja anali atalowa kale m'mudzi.

Anatola kathumba kake n'kuyamba kuyenda. Msewu unali zii, dzuwa likuswa mtengo. Atadutsa dambo, anamva kumbuyo kwake mapazi olemera, a magambuti, ndi madzi akukhuvuka m'chigubu pa sitepe iliyonse. Akaima, nawo ankaima. Sanacheuke. Anadikira fungo lija, lomwe ankalidziwa kuposa dzina lake, kuti limumalize pomwepo pamsewu.

Silinafike.

Anayenda mtunda ndithu asanazindikire chifukwa chake. Mphepo inkachokera kumanja, ndipo mapaziwo anali kumanzere, m'munsi mwa mphepo, patali. Pokhota msewu mphepo inatembenuka. Mapazi aja anaima, anadutsa msewu mofulumira kumbuyo kwake, n'kukayenda mbali inayo. Mphepo ikasintha, nawo ankasintha. Ulendo wonse.

Mudzi wathunthu wa anthu amoyo, a maso ndi makutu, opemphera, unalephera kanthu kakang'ono kameneka.

Gelevazio anapukuta kumaso ndi mkono. Osatembenuka, anati, "Achimwene, ku Dedza n'kutali."

Kumbuyo kuja kunamveka kukhosomola kamodzi. Ndipo anapitiriza ulendo.